Nyumba Yopanda Masitepe

Mutu 6

1. Kope la Chiukepo

Chiukepo Msiska anali munthu wokonda kulemba zinthu pansi. Mwina ntchito ya mulaibulale ya pakoleji ndi imene inamuzoloweza zimenezi. Loweruka limenelo anafika ku Zakazaka, dera la m'tauni ya Zomba, ndi galimoto yobwereka, kope lili m'manja. Patsamba loyamba analemba malo awiri ochitira madyerero a ukwati. Patsamba lachiwiri analemba nyumba zitatu zogulitsa.

Bwenzi lake, Lois Likaka, anali mphunzitsi wa Sitandade 4. Chinkhoswe chawo chinali chitachitika mu Epulo, ndipo ukwati unali woti udzachitike mu Okutobala. Anzake kusukulu ankamusirira. Koma iye m'mawa umenewo mtima unali m'mwamba.

Nkhani inali ya bambo ake. A Lucius Likaka, amene kale anali kalaliki wa boma, anasiya kuona zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo chifukwa cha matenda a shuga. Mayi a Lois anali atamwalira kale, ndipo mchimwene wake anali ku Joni. M'nyumbamo ankakhala awiri okha. Lois ankafuna kuti akadzakwatiwa adzawatenge bambo akewo, koma anali asanamuuze Chiukepo. Ankaopa. Aphunzitsi anzake anali atamudzaza m'mutu kuti palibe mwamuna amene amafuna apongozi m'nyumba, makamaka mwamuna wa ku Rumphi ngati Chiukepo.

Lois anawaikira bambo akewo fulasiki ya tiyi patebulo, mankhwala kumanja kwake, wailesi kumanzere.

"Ababa, tapita. Tibwera dzuwa lisanalowe."

"Pitani, mukandionereko," anatero a Likaka akuseka. "Inu a Msiska, mwana wangayu ndi wovuta pogula zinthu. Nsapato imodzi amaizungulira msika wonse. Mulimbe mtima."

"Ndakonzeka, bambo," anayankha Chiukepo. Sankadziwa chimene ankanena.

2. Kuphiri

Msewu wokwera phiri la Zomba ndi wokhotakhota, ndipo Chiukepo sanali katswiri pachiwongolero. Ankaimba hutala pakona iliyonse, ngakhale kwa anthu otsika ndi nkhuni panjinga amene anali atamupatuka kale. Lois anamuseka mpaka kuiwalako nkhawa zake.

Pamwamba panali nkhungu. Anaima pomwe amayi amagulitsa mabulosi, Chiukepo n'kugula mbale yathunthu osanenerera. Kenako anavula jekete lake n'kumuveka Lois, iye n'kumanjenjemera mwachinsinsi ngati kuti palibe akumuona.

Malo oyamba anali a mayi wina dzina lake Rosebell. Analidi malo okongola. Kunsi kwa nyumba yawo kunali bwalo la kapinga wosalala, mitengo ya paini itazungulira, kamtsinje kakudutsa m'mbali.

"Tenti timaika apo," analoza mayi Rosebell. "Mkwatibwi amatsika pa masitepe awa pang'onopang'ono, anthu onse akumuonera m'munsi. Zithunzi zake zimakhala zosaiwalika."

Chiukepo anali atayamba kale kumwetulira. Lois ankayang'ana pansi. Masitepewo anali amiyala, opanda chogwirira, ndipo ena anali ndi ndere. Anawawerenga potsika. Analipo makumi anayi ndi awiri. Amene adzamugwire dzanja pomutsitsa pamenepo ndi bambo ake.

"Ukuti bwanji?" anafunsa Chiukepo.

"Kuno n'kozizira. Anthu adzadwala chimfine."

"Mu Okutobala?"

"Phiri ndi phiri," anatero Lois.

Chiukepo anatsegula kope n'kulemba kuti "kozizira". Kumalo achiwiri, kumene njira yake inkadutsa pa kamlatho ka mitengo iwiri, Lois ananena kuti kuli anyani ambiri ndipo adzaba keke. Chiukepo analembanso kuti "anyani". Pamenepo n'kuti akusekabe.

Asanatsike anaima pamalo oonekera tauni yonse. Chiukepo anamugwira paphewa n'kuloza madenga a malata amene ankanyezimira kunsi.

"Imodzi mwa nyumba zimenezo ndi yathu. Kungoti sitinaidziwe."

Lois anagwedeza mutu. Maso ake ankafunafuna Zakazaka. Ankadzifunsa ngati bambo ake akumbukira kumwa mankhwala a masana.

3. Ku Chikamveka

Nyumba yoyamba inali pamalo otsetsereka. Khonde lake linali lalitali kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo pageti panali ngalande yakuya yowolokera pa thabwa limodzi. Chiukepo anaikonda chifukwa kunali zii. Anati munthu angawerenge buku mpaka kumaliza osamva ngakhale tambala.

"Khitchini yachepa," anatero Lois.

Khitchini imeneyo munthu akanatha kuyalamo mphasa zitatu. Ngakhale mnyamata wosunga makiyi anamuyang'ana Lois modabwa.

Nyumba yachiwiri inali ndi chimbudzi kumtunda kwa bwalo, kuseri kwa mulu wa miyala. Pabalaza panalinso sitepe yobisika, ya mtundu umene umapunthwitsa ngakhale anthu openya. Lois anaima n'kuyang'ana khoma.

"Penti yake sinandisangalatse."

"Lois, penti amagula m'sitolo. Ndipaka ndekha."

"Komabe."

Ulendo uno Chiukepo sanalembe kanthu. Anatseka kope n'kuliika m'thumba. M'galimoto sanaimbenso hutala, ndipo mabulosi anangokhala pakati pawo osadyedwa. Lois anaona kuti wamukhumudwitsa. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa munthuyu ankamukonda ndi mtima wonse. Koma chifukwa chenicheni anachibisabe.

4. Abiti Sefu

Nyumba yomaliza inali ku Mbedza. Mwini wake anali mayi wamasiye, abiti Sefu, amene ankafuna kusamukira kwa mwana wawo ku Liwonde. Anawalandira atafunda mpango woyera kumutu, n'kuwapatsa madzi akumwa asanafunse n'komwe mayina awo.

Nyumbayo sinali yokongola ngati zinazo. Koma kuchokera pageti mpaka pakhomo panali posalala. Panalibe sitepe ngakhale imodzi. Zipinda zinali zitatu, ndipo chakumapeto chinali moyang'anizana ndi bafa.

Chiukepo anapempha makwerero kuti akaone ngati denga silidontha. Atatuluka, Lois analowa m'chipinda chakumapeto chija. Anatsinzina, n'kuika dzanja pakhoma, n'kuyamba kuyenda. Anatuluka pachitseko, anadutsa mpata, anakhudza chitseko cha bafa. Atatsegula maso anapeza abiti Sefu ataima chapafupi, akumuyang'ana.

"Ndani saona kwanu?" anafunsa motsitsa mawu.

Lois anachita manyazi. "Bambo anga."

"Nanga achimwenewo akudziwa kuti nyumbayi mukufunira anthu atatu?"

Lois anaweramitsa mutu. Abiti Sefu anamugwira dzanja n'kupita naye kukhitchini. Anamukhazika pampando, iwo n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Tamvera, mwanangu. Masitepe analipo pakhomo pano, awiri. Anawagumula ndine, amuna anga che Nasoro atafa ziwalo mbali imodzi. Ndinawasamala zaka zisanu m'nyumba muno. Ndiye munthu akamayeza khoma ndi dzanja, ine ndimadziwa kuti kwawo kuli wodwala.

"Koma mwamuna wakoyo ndamuona polowa. Nkhope yagwa. Nyumba mwaona zingati lero? Ndipo zonse wazikana ndi zifukwa zabodza, si choncho? Iwe ukuganiza kuti ukubisa nkhani ya bambo ako. Iye akuganiza kuti ukukana iyeyo. Ukamubisira mnzako chifukwa chenicheni, sangokhala chete ayi. Amayamba kudzifunira chifukwa chake, ndipo chimene amachipeza chimakhala choipa kuposa chimene ukubisacho.

"Ine chaka choyamba cha banja ndinkatumiza ufa kwa amayi anga mobisa. Che Nasoro anaona kuti thumba likutha msanga. Miyezi inayi ankandiyang'ana ndi diso lina, mpaka anakadandaula kwa ankhoswe kuti mwina ndili ndi wina amene ndikumudyetsa. Zitaululika analira ngati mwana. Anati, 'Ukanandiuza, bwenzi ndikunyamula ndekha panjinga.' Miyezi inayi imeneyo sitinaibwezenso.

"Ukwati usanachitike ndiye nthawi yonena zinthu zolemera. Akakana, akane lero, udziwe munthu amene ukukwatiwa naye. Usadikire kuti udzamuuze mphete ili kale pachala, chifukwa pamenepo adzati unamutchera msampha. Pita. Ali pamtengo wa mapeyala apo, ndipo denga sakuliyang'ana n'komwe."

5. Pansi pa mtengo wa mapeyala

Chiukepo anali atakhala pa makwerero, akuthyolathyola tsamba louma. Ataona Lois akubwera, anayamba ndi iye kulankhula.

"Denga lili bwino. Koma ndikudziwa kuti upezapo china. Lois, ngati wasintha maganizo, ingondiuza. Ndipirira. Kusiyana n'kuti tizingozungulira Zomba yense."

"Sindinasinthe maganizo." Lois anayandikira. "Kuphiri kuja sikozizira. Khitchini ija ndi yaikulu. Penti ija ndi yabwinobwino. Ndimawerenga masitepe, Chiukepo. Ababa sangakwere pamene paja. Sindingawasiye okha. Ndikufuna tidzakhale nawo, koma ndimaopa kukuuza."

Chiukepo anataya tsamba lija.

"Kuyambira liti ukuopa?"

"Chichitikire chinkhoswe."

"Miyezi iwiri yathunthu!" Anaimirira, n'kuyenda pang'ono, n'kubwerera. "Ndiye iwe unkayesa kuti ine ndidzakunyamula, bambo n'kutsala akufufuza okha machesi m'khitchini? Unandiona ngati munthu wotero?"

"Anthu amati amuna a kwanu..."

"Anthu ake ati? Anafikako ku Rumphi? Agogo anga aamuna, obereka amayi, anamwalirira m'nyumba ya bambo anga. Amene ankawameta ndevu ndi bambo angawo." Anapumira m'mwamba. "Ukudziwa chifukwa chake nyumba zonse m'kope muno ndi za zipinda zitatu? Ndimadikira kuti unene ndiwe. Ndi bambo ako. Sindikanayamba ine kuwasamutsa."

Lois analira, kwinaku akuseka. Chiukepo anamupukuta misozi ndi mkono wa jekete lake lomwe, limene Lois anali atavalabe.

"Koma za anyani zija unanama mochititsa manyazi," anatero. "Aphunzitsi athunthu!"

Anayenderanso nyumba yonse, ulendo uno ali limodzi. Anagwirizana kuti chipinda chakumapeto chidzakhala cha a Likaka, ndipo Chiukepo anati adzakhoma chitsulo chogwirira m'bafa. Za madyerero anati holo ya kutchalitchi kwawo ndi yokwanira, popeza ilibe pokwera. Abiti Sefu anawaperekeza mpaka pageti n'kuwapatsa mapeyala anayi. Pobwerera Chiukepo anaimba hutala njira yonse.

6. Yankho la a Likaka

Anafika ku Zakazaka dzuwa likadalipo. Chigayo cha kuseri chinali chikulirabe, ndipo ana ankasewera mpira wachikulunga mumsewu. A Likaka anali pakhonde, ndodo ili pamiyendo.

Lois anagwada pambali pawo n'kufotokoza zonse mwachimwemwe. Anafotokoza za nyumba yopanda masitepe, za chipinda choyang'anizana ndi bafa, za chitsulo chogwirira. Chiukepo anawonjezera kuti pali mthunzi wabwino wokhalapo masana.

A Likaka anamvetsera mpaka kumapeto. Sanamwetulire.

"Mwatha?" anafunsa. "Zikomo, ana anga. Ndikunena zoona, zikomo. A Msiska, mwandilemekeza. Koma pa nyumba zonse mwayenda lero, panalibe amene anaganiza zondifunsa ine?"

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Lois, iwe umati bambo ako saona. Kunja kuno n'zoona. Koma m'nyumba muno ndimaona. Kuchoka pabedi kufika pakhomo ndi mapazi khumi ndi anayi. Kuchoka pakhomo kufika pampopi ndi makumi awiri. Chigayo chikalira ndimadziwa kuti kum'mawa ndi uko. Ndikamva fungo la zitumbuwa ndiye kuti ndafika pa a Zuhura, ndikhotere kumanja. Ndimapita ndekha kokameta. Ndimapita ndekha kutchalitchi. Ndikasochera, mwana aliyense wa m'dera lino amadziwa kuti awa ndi a Likaka, kwawo ndi apo.

"Zimenezi zanditengera zaka zisanu ndi chimodzi. Ndagwera m'ngalande kangati? Zipsera zili m'miyendomu. Tsopano mukufuna mukandiike ku Mbedza, m'chipinda chabwino, ndizikadikira kuti wina aweruke kuntchito adzanditulutse panja ngati mbuzi. Kumeneko ndiye ndikakhala wakhungu weniweni. Maso ndinataya kamodzi. Musandichititse kuti nditaye kachiwiri.

"Muphunzirepo, popeza mukuyamba banja. Kukonda munthu si kumuganizira zonse iye ali pomwepo. Muzifunsa. Ngakhale mwana amene mudzabereke, muzidzamufunsa."

Tsiku lonse Lois ankayesa kuti akumenyera nkhondo bambo ake.

"Ndiye ukwati udikire, ababa," anatero. "Sindingakusiyeni."

"Ayi!" A Likaka anamenya ndodo pansi. "Zimenezo ndiye usayerekeze. Ine ndikhale chifukwa choti mwana wanga akalambire pakhomo pano? Anthu azidzati Likaka anadya ukwati wa mwana wake? Ukwatiwa mu Okutobala, ndipo ndidzakuperekeza ndine."

Chigayo chija chinasiya kulira.

Lois anatembenukira kwa Chiukepo. Ankadziwa kuti munthuyu amakonda malo a zii, ndipo Zakazaka ndi dera limene wailesi ya mnzako umaimvera ngati yako. M'mawa uja akanameza mawu. Tsopano anafunsa mosazungulira, bambo ake akumva.

"Chiukepo, ungakhale kuno ku Zakazaka? Osati m'nyumba muno. Pafupi, poti ababa angafike okha."

Chiukepo anayang'ana msewu wafumbi, ana a mpira, ndi mulu wa makala ogulitsa pakhomo loyandikana nalo.

"Mabuku ndizikawerengera kuntchito," anatero. "Koma kodi kuno kuli nyumba yogulitsa?"

A Likaka anazunguza ndodo m'manja mwawo. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaoneka osowa mtendere.

"Ilipo imodzi. Ya njerwa zootcha, kuseri kwa chigayo. Kuchoka pano ndi mapazi zana limodzi ndi makumi atatu. Alendi anatulukamo mwezi watha, ndipo ndamva kuti mwini wake akufuna kuigulitsa."

"Mwini wake ndani, bambo? Ndipita mawa lomwe."

"Inu sangakugulitseni. Akangomva kuti ndinu mkamwini wa Likaka, akutsekerani chitseko." Anatembenuzira nkhope kumene kunali Lois. "Ndi ya amalume ako, a Blaise."

Lois anadzidzimuka. A Blaise anali mlongo wa mayi ake. Tsiku loika maliro a mayiwo, iwo anafuna kutenga Lois ndi mchimwene wake kupita nawo kumudzi, ponena kuti ana ndi a kuchikazi. A Likaka anakana. Panalankhulidwa mawu oopsa anthu asanabalalike n'komwe pamanda. Kuyambira tsiku limenelo zaka zisanu ndi zinayi zinali zitadutsa, ndipo ngakhale pa chinkhoswe a Blaise sanabwere.

"Ine sindingapiteko," anatero a Likaka motsitsa mawu. "Amene ananena mawu oipa kwambiri tsiku lija ndine. Koma iwe ndi magazi awo. Ngati pali munthu amene angamutsegulire, ndiwe."

Lois anayang'ana bambo ake.

"Ndikawauze chiyani, ababa?"

A Likaka anapukuta m'maso ndi chala.

"Za nyumba udzanene pomaliza. Uyambe wawauza kuti mlamu wawo akupepesa."